Mnzathu wa m'gemu asakhale wa 'inde bwana'

Amene mumakhalitsa pa TikTok ndi YouTube mwina munakumanapo nato timakanema ta mnyamata wina wotuwa, wa tsitsi loyera ndi mano osongoka, wolankhula mwamatama ngati mwana wa mfumu. Dzina lake ndi Astarion. Mwinanso munaonapo mtsikana wankhondo wa khungu lachikasu mobiriwira, yemwe akatsegula pakamwa zimatuluka ndi zonyoza zokhazokha. Ameneyo ndi Lae'zel. Onse awiri si anthu enieni. Ndi ampangankhani a m'gemu yotchedwa Baldur's Gate 3, koma mmene anthu amakanganirana za iwo, mungayese ndi ochemerera Bullets ndi Manoma tsiku lomwe matimuwa akumana.

Mkanganowu wagona pa funso limodzi: kodi mnzako woyenda naye m'gemu azikhala wotani? Gulu lina likuti azikhala womvera, wansangala, wokuyamikira pa chilichonse, poti munthu sungaononge ndalama zako kugula gemu kuti uzikanyozedwa ndi chidole. Gulu lina likuti ayi, mnzako wopanda maganizo akeake ndi katundu chabe, sasiyana ndi lupanga lomwe wanyamula. Ife tili mbali ya gulu lachiwirili. Ndipo tikuona kuti nkhaniyi yadutsa pa masewera, chifukwa mnzako wa 'inde bwana' uja tsopano akugulitsidwa m'mafoni mwathumu.

Kwa amene simunasewerepo, tiyambe tafotokoza. M'magemu a mtundu uwu, omwe amatchedwa RPG, iweyo umasanduka munthu wa m'nkhaniyo. Umasankha dzina, nkhope ndi luso, kaya ukhala wankhondo, wamatsenga kapena mbava, kenaka umayamba ulendo m'dziko longopeka la zinjoka zolavula moto, mizimu ndi mafumu. Paulendopo suyenda wekha. Umakumana ndi anthu omwe amalowa m'gulu lako, kumenya nawe nkhondo masana, usiku n'kumaotha nawe moto pamsasa. Aliyense ali ndi kwawo, mbiri yake, mabala ake ndi zomwe akufuna pamoyo.

Chosangalatsa n'chakuti anthuwa amakuonerera. Ukathandiza wosauka, pakona pa sikirini pamatuluka timawu tokudziwitsa kuti uje wakondwa, uje sanakondwe. Ukanama, ukaba kapena ukapha wosalakwa, chimodzimodzi. Gemu imasunga zonsezi ngati kabuku ka ngongole pa okala. Amene wakhutira nawe amayamba kukuululira zakukhosi, mwinanso kukufunsira. Amene watopa nawe amakuyankha mokalipa, ndipo zikafika poipa amalongedza n'kukusiya, apo ayi amakusololera lupanga.

Kampani inamvera osewera, koma mpaka pati?

Baldur's Gate 3 ndi chitsanzo chabwino chifukwa inapsa osewera akulawa. Kampani ya Larian Studios, ya mumzinda wa Ghent ku Belgium, inatulutsa chigawo choyamba chokha mu Okutobala 2020 kuti anthu azisewera uku akupereka maganizo. Gemu yathunthu inadzatuluka pa 3 Ogasiti 2023. M'zaka pafupifupi 3 zimenezi, dandaulo lomwe linkamveka kawirikawiri linali lakuti anzako a paulendo ndi amwano. Shadowheart ankayankha ngati wakumana ndi wakuba. Lae'zel ankakuona ngati nyongolotsi. Astarion, tsiku loyamba kukumana, amakuika mpeni pakhosi.

Komatu panali chifukwa. M'nkhaniyi nonsenu mwabedwa ndi zilombo zomwe zakulowetsani kachilombo konga mbululu m'mutu, ndipo mukuyembekezera kusanduka zilombo tsiku lililonse. Simudziwana. Munthu wotero angakusekerere chifukwa chiyani? Ngakhale zinali choncho, Larian inamvera ndipo inawafewetsako, makamaka Shadowheart. Pambuyo pake kampaniyo inalengeza kuti Shadowheart yemweyo ndiye amene osewera ambiri anamusankha kukhala naye pachibwenzi.

Tisaname, pali malo omwe maganizo a osewera anakonza zinthu. Halsin, chimunthu chomwe chimasanduka chimbalangondo, poyamba anali wongothandiza pa chigawo chimodzi. Anthu atamukonda, Larian inamukweza kukhala woyenda naye ulendo. Karlach, mtsikana yemwe anagulitsidwa ku dziko la ziwanda n'kuikidwa injini yamoto m'malo mwa mtima, mathero a nkhani yake anaoneka othamangitsidwa. Osewera atadandaula, kampani inaonjezera chigawo china mwezi womwewo wa Ogasiti usanathe.

Palinso dandaulo lomwe likumvekabe mpaka lero, ndipo ndi lomveka. Wyll, mnyamata wakuda ngati ife, mwana wa mmodzi mwa akuluakulu a mzinda yemwe anachita pangano ndi chiwanda pofuna kupulumutsa kwawo, analembedwanso mwatsopano gemu itatsala pang'ono kutuluka, ndipo mawu ake anapatsidwa kwa katswiri wina wa zisudzo, Theo Solomon. Osewera ambiri amati nkhani yake inatsala yopyapyala poyerekeza ndi ya Astarion kapena Shadowheart. Madandaulo otere ndi abwino. Akupempha kuti mpangankhani akhale munthu wathunthu.

Koma taonani za Minthara. Ameneyu ndi mtsogoleri wa gulu lomwe likufuna kupha anthu othawa kwawo omwe abisala pamalo otchedwa Emerald Grove. Poyamba, kuti alowe m'gulu lako, unkayenera kugwirizana naye n'kupha anthuwo. Ukatero, Wyll ndi Karlach ankakusiya, chifukwa sakanatha kuyenda ndi chigawenga. Mtengo wake unali umenewo. Osewera ena anakana kulipira. Anapeza njira zokhota, ena mpaka kumusandutsa nkhosa kuti amuzembetse. Mu Novembala 2023 Larian inangololera: tsopano ukhoza kungomukomola, n'kudzamutenga kutsogolo, anzako onse ali phee.

Ambiri anaombera m'manja. Ife tikuona kuti apa panatayika kanthu. Chomwe chinkachititsa kuti chisankhocho chikhale cholemera n'chakuti sunkatha kudya uku ndi uku. Ukafuna Minthara, unkataya Karlach. Pano ukhoza kusonkhanitsa onse ngati zomata za mpira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma m'gemuyi pusiyo amuyalira matiresi.

Amene timawakumbukira ndi omwe anatikana

Funsani aliyense amene anasewera Dragon Age: Origins, gemu ya kampani ya BioWare ya ku Edmonton m'dziko la Canada, yomwe inatuluka mu 2009. Dzina loyamba kutchula likhala la Morrigan, mfiti ya m'madambo yomwe inkanyansidwa nthawi iliyonse ukapatuka kukathandiza anthu. Kusakondwa kwa Morrigan kunasanduka nthabwala pa intaneti, koma ndi iyeyo amene BioWare inamubweretsanso m'magemu otsatira, poti anthu sanamuiwale.

M'gemu yomweyo muli Alistair, mnyamata wanthabwala, wofatsa, yemwe amakutsata pa chilichonse kwa maola ambirimbiri. Ndiye pamafika tsiku loweruza Loghain, kazembe wankhondo yemwe anathawitsa asilikali ake pa nkhondo ya ku Ostagar, mfumu n'kuphedwa pamodzi ndi Duncan, yemwe Alistair ankamutenga ngati bambo ake. Ukamukhululukira Loghain n'kumulowetsa m'gulu, Alistair amachoka. Ngakhale munali pachibwenzi, ngakhale unamupatsa mphatso zingati, pamenepo pokha salola. Osewera ena zinawapweteka kwambiri. Koma ndi tsiku limenelo pomwe unkazindikira kuti mnyamatayu ali ndi malire, ndipo kukutsata konse kuja kunali kufuna kwake.

Mu Dragon Age II ya 2011, BioWare inapita patsogolo. Munthu wotsutsana nawe sankangochoka basi. Mukatsutsana kwa nthawi yaitali, pankamera ubale wina wa anthu olimbana koma olemekezana, ndipo pa nkhondo yomaliza ankatha kuima nawe. Aliyense amene ali ndi mchimwene kapena mchemwali wokangana naye tsiku ndi tsiku, koma woyamba kufika ukagonekedwa m'chipatala, akudziwa zomwe tikunena.

Tsono yerekezani ndi Lydia wa mu Skyrim, gemu ya Bethesda ya 2011. Ukapha chinjoka choyamba, mfumu ya mzinda wa Whiterun imakupatsa Lydia kuti akhale mlonda wako. Amakutsata kulikonse. Ukamusenzetsa mafupa a zinjoka, amasenza, kungong'ung'udza pang'ono. Osewera amamukonda, inde, koma tamverani zomwe amamukumbukira nazo: kuima pakhomo n'kukutsekereza njira, kuponda misampha, ndi kunyamula katundu ngati bulu. Mukawafunsa kuti Lydia amafuna chiyani pamoyo wake, onse kukamwa yasa.

Ndipo pamene kampani yapereka anzako aulemu okhaokha, osewera omwewo amadandaulanso. Dragon Age: The Veilguard itatuluka pa 31 Okutobala 2024, limodzi mwa madandaulo akulu linali lakuti anthu a m'gulu lako ndi ofatsa mopitirira muyeso. Akasemphana, nkhani imatha msanga mwaulemu ngati pamsonkhano wa ku ofesi, ndipo iweyo supatsidwa mpata weniweni wowalankhula mokhadzula. Kampani ya EA inanena mu Januwale 2025 kuti gemuyi inafikira anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, pafupifupi theka chabe la omwe inkayembekezera. Zifukwa zake n'zambiri, sitingaloze chimodzi. Koma zinaonetsa poyera kuti ulemu wokhawokha sukhutitsa.

Nanga wa mpeni pakhosi uja? Neil Newbon, yemwe analankhula ndi kusewera mbali ya Astarion, anapata mphoto ya katswiri woposa onse pa mwambo wa The Game Awards mu Disembala 2023, usiku womwe Baldur's Gate 3 inasankhidwa kukhala gemu yapamwamba ya chakacho. Astarion ndi namapopa. Amanama, amanyoza ukachitira anthu chifundo, ndipo usiku wina umadzidzimuka ali pafupi kukuluma. Ukapirira naye umadzamva kuti anakhala kapolo wa mbuye wankhanza, Cazador, kwa zaka 200, ndipo matama onse aja ndi chishango cha munthu wamantha. Anthu ambiri omwe anachitidwapo nkhanza ananena kuti anadziona mwa iye.

Pepani amene simunafike kumathero, tiululako pang'ono. Astarion amapeza mwayi wolanda mphamvu za mbuye wake, koma mtengo wake ndi miyoyo 7,000. Amakupempha kuti umuthandize. Ukavomera, amasanduka chithunzi cha Cazador yemweyo. Ukamuletsa n'kumugonjetsa ndi mawu, amalira, koma amatuluka ali mfulu. Apa gemu yatembenuza zinthu: tsopano ndiwe amene ukuyesedwa ngati uli bwenzi lenileni kapena wa 'inde bwana'. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwambiwu umagwira mbali zonse ziwiri.

Nawonso ali ndi mfundo

Tisawapondereze a gulu loyamba lija. Wina anganene kuti: "Aise, ine tsiku lonse abwana andikalipira, mu minibasi kondakitala wandinyoza, kunyumba nkhani ndi ya ndalama ya lendi. Ndikatsegula gemu ndikufuna kupuma, osati kukanganso ndi Lae'zel." Zoona zimenezo. Masewera ndi opumulira, ndipo palibe cholakwa kusankha kuyenda ndi Karlach wansangala n'kumusiya Lae'zel pamsasa. Gemu yabwino imakupatsa ufulu umenewo.

N'zoonanso kuti si wovuta aliyense amene walembedwa bwino. Pali ampangankhani ena ongosokosa. Amene mumasewera Genshin Impact pafoni mukumudziwa Paimon, kamnzako kouluka komwe kamalankhula m'malo mwako ndi kubwereza zomwe wangomva kumene. Osewera ambiri amadandaula naye, ndipo vuto lake si kutsutsa ayi, koma kulongolola. Palinso ena omwe amalembedwa amwano popanda chifukwa, mwano wake wosapita kulikonse. Amenewo kudandaula nawo n'koyenera.

Muyeso wake ndi uwu: kodi kukana kwakeko kukuchokera pa chimene iye ali? Lae'zel ndi wamwano chifukwa analeredwa m'gulu lankhondo lomwe limaphunzitsa kuti chifundo ndi kufooka, ndiponso kuti mfumukazi yawo Vlaakith salakwa. Ukayenda naye mpaka atazindikira kuti mfumukaziyo inkawanamiza, umaona munthu akugumuka n'kudzimanganso. Akanamufewetsa kuyambira tsiku loyamba, ulendo wonsewo sukanakhalapo. Kusiya Lae'zel pamsasa ndi ufulu wako. Koma kuumiriza kampani kuti imuchotse mano kuti aliyense amukonde, kumeneko ndi kulanda anzako nkhani yabwino.

Zafika m'thumba mwanu

Mwina mukuti, ife zikutikhudza bwanji? Ambiri mwa ife tilibe PlayStation 5 kapena kompyuta yamphamvu. Baldur's Gate 3 imafuna malo okwana 150 GB, ndiye bandulo yake ikhala iti? Ambiri timangoonera ena akusewera pa YouTube, magetsi akakhalapo. Koma magemu omwe ali m'mafoni mwathu nawonso ali ndi anzathu a paulendo, ndipo kumeneko nkhani ya 'inde bwana' ndi bizinesi.

Tengani Genshin Impact yomweyo, ya kampani ya miHoYo ya ku Shanghai, yomwe kunja kwa China imadziwika kuti HoYoverse. Inatuluka mu Seputembala 2020 ndipo kuyamba kusewera ndi ulere. Nkhani yake ndi yokoma, zithunzi zake n'zokongola. Koma ampangankhani ambiri osiririka sulowa nawo m'gulu chifukwa cha zochita zako. Umawapeza pochita mayere. Kuyesa kamodzi kumadya timiyala 160 totchedwa Primogems, tomwe umatolera pang'onopang'ono posewera kapena kugula ndi ndalama zenizeni. Wa nyenyezi 5 amatsimikizika pofika kuyesa ka 90, koma akhoza kutuluka wina osati amene ukumufunayo, ndipo tsoka likakugwera ungafike ka 180.

Ukamupeza, ndi wako mpaka kale. Mlingo wa ubwenzi wanu umangokwera mpaka 10 ukamayenda naye, sutsika. Tsiku lake lobadwa amakutumizira kalata ndi kamphatso. Sangakusiye ngati Alistair, sangakutembenukire. N'zomveka: kampani singalole kuti munthu amene wamulipirira ndalama zambiri akuthawe. Choncho mnzako wogula amakhala womvera mwachibadwa. Ndipo amangokhala pa malonda masabata ochepa, kuti mtima uzikugunda kuti ukachedwa umuphonya.

Izi si nkhambakamwa. Mu Januwale 2025, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalengeza kuti kampani yogulitsa Genshin Impact kumeneko yavomera kulipira madola 20 miliyoni. Bungwelo linati kampaniyo inkasocheretsa osewera, makamaka ana, pa za mtengo weniweni ndi mwayi wopata pa mayerewa. Inaletsedwanso kugulitsa mayere otere kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Chomwe chimakoka ndalama m'thumba si lupanga la mpangankhaniyo lokha. Ndi chikondi chomwe wosewera wamuikapo.

Ndiye kwabwera AI. Mu Januwale 2025 momwemo, kampani ya Nvidia pamodzi ndi Krafton, eni ake a PUBG, anaonetsa mnzako wa m'gemu woyendetsedwa ndi AI, woti uzilankhula naye ndi pakamwa iye n'kumayankha. Kunja kwa magemu, mapulogalamu ngati Replika ndi Character.AI akupereka kale 'bwenzi' locheza nalo usiku wonse. Replika itasintha machezedwe a 'zibwenzi' zake mu Febuluwale 2023, anthu ena analira ngati banja latha. Mu Epulo 2025, kampani ya OpenAI inachita kubweza update ya ChatGPT chifukwa inkayamikira anthu mopitirira, kuvomereza ngakhale maganizo olakwika.

Apa ndiye pagona nkhawa yathu. Morrigan ndi Lae'zel analembedwa ndi anthu omwe ankafuna kufotokoza nkhani, ndipo nkhani imafuna mkangano. Mnzako wa AI wolipira pamwezi amapangidwa ndi kampani yomwe ikufuna kuti ubwerenso mawa. Njira yachidule yokubweretsera ndi kukuuza kuti ndiwe wanzeru, sunalakwe, olakwa ndi enawo. Osewera akamafuula kuti akufuna anzawo osatsutsa, akupereka oda ya katundu amene makampani akufunitsitsa kale kugulitsa.

Ife kuno atidyenawo timawadziwa. Timawaona atazungulira aliyense amene wapata kangachepe kapena udindo, kuseka nthabwala zosaseketsa, kuombera m'manja zilizonse. Zikavuta amabalalika ngati ntchentche. Mnyamata kapena mtsikana amene wazolowera kucheza maola 5 patsiku ndi chinthu chosamutsutsa, adzamva bwanji tsiku lomwe mnzake weniweni adzamuuze kuti "apa walakwa"? Adzapirira, kapena adzangomubuloka n'kubwerera kwa wa m'foni uja?

Maganizo inde, nkhanza ayi

Pali mbali ina yomwe sitingaisiye. Kukonda kapena kudana ndi mpangankhani nthawi zina kumasefukira pa anthu enieni. Jennifer Hepler, mmodzi mwa alembi a Dragon Age, anazunzidwa kwambiri pa intaneti mu 2012 anthu atafukula zomwe ananena zaka zam'mbuyo, zoti bwenzi magemu akulola munthu kudumpha nkhondo n'kumangotsata nkhani. Analandira mauthenga otukwana ndi oopseza, mpaka okhudza ana ake. Akatswiri olankhula mawu a ampangankhani nawonso amatukwanidwa kawirikawiri chifukwa cha zochita za munthu wongopeka.

N'zomvetsa chisoni, komanso zikuonetsa matenda omwewo. Munthu amene sangapirire mpangankhani womutsutsa ndi yemweyo amene sangapirire mlembi woganiza mosiyana naye. Ngati Wyll anamuchepetsera nkhani, nenani, lembani, perekani zifukwa. Larian yaonetsa kuti makampani ena amamva. Koma wolemba ndi wosewera mbali ndi anthu ogwira ntchito ngati inu nomwe, ali ndi mabanja, ndipo sanakulakwireni kanthu.

Tikuti chiyani tsono?

Kwa inu osewera, tikuti yesani kamodzi kuyenda ndi amene amakunyansaniyo. Musathamangire kubwerera pomwe munasungira gemu nthawi iliyonse pakatuluka timawu toti uje sanakondwe. Lolani kuti chisankho chanu chikhale ndi mtengo, muone nkhani ikupita kuti. Amene muli ndi foni yokha, Baldur's Gate yoyamba ya 1998 ndi yachiwiri ya 2000 zinakonzedwanso ndipo zimagulitsidwa pa Android ndi iOS. Zithunzi zake n'zachikale, koma m'menemo anzako amakangana, amamenyana okhaokha, ndipo mbiri yako ikawanyansa amachoka.

Pa magemu a mayere, dziikireni malire musanatsegule, osati mtima utayamba kale kugunda. Dzifunseni kuti, kodi ndikufuna mpangankhaniyu chifukwa nkhani yake yandigwira mtima, kapena chifukwa andiuza kuti masiku atsala 3? Ndalama ya bandulo ya mwezi wonse isathere pa munthu amene sakudziwa n'komwe kuti muliko. Ndipo amene muli ndi ang'ono anu omwe amabwereka foni, yang'anirani kuti akudina chiyani.

Kwa achinyamata athu omwe akuphunzira kupanga magemu, kujambula makatuni kapena kulemba nkhani, phunziro lili pompa. Nthano zomwe tinakulira sizinasowe anzake ovuta. Kalulu sanali womvera, ndipo Fulu sankapita ndi gulu. Mukadzalenga woyenda ndi ngwazi yanu, mupatseni chake chomwe akufuna, ndi mzere umene sangaudumphe ngakhale atamukonda bwanji mnzakeyo. Osewera adzadandaula sabata yoyamba. Pakatha zaka 10 adzakhala akumutchulabe.

Ndipo foni ikazima, yang'anani anzanu enieni. Pagulu lanu la pa WhatsApp pali mmodzi amene amakuuzani zosakomera m'khutu: kuti chibwenzi icho chikupwetekani, kuti kubetcha kwakulowani, kuti mayeso ayandikira. Mwina ndi amene mumachedwa kumuyankha. Ameneyo ndiye Alistair wanu, ndipo mosiyana ndi wa m'gemu, akachoka palibe batani lobwezera m'mbuyo.